Mbuzi ndi akalulu okamidwa mankhwala: ndi zoona, koma mkakawo sakumwa

Funso: "Mwana wanga wa ku sekondale akuti kuli mbuzi ndi akalulu zomwe anaziika jini ya munthu, nde zikamakamidwa mkaka wake umatuluka ndi mankhwala. Ine ndamutsutsa. Ngati zili zoona, odwalawo amangomwa mkakawo? Nyamayo sikhala theka munthu? Nanga ngati mbuzi ingapange mankhwala, bwanji mankhwalawo sakutchipa?"

Mayi, mwanayo mumupepese ndithu, sananame. Mankhwala atatu ochokera mu mkaka wa ziweto zoterezi anavomerezedwa kale ndi mabungwe owona za mankhwala ku Ulaya ndi ku America, amodzi a mbuzi, awiri a akalulu. Koma palibe amene amapatsidwa kapu kuti amwe, ndipo za kutchipazo nde pomwe pali nkhani yeniyeni, chifukwa ndi zomwe ankalonjeza anthu oyambitsa zimenezi ndipo sizinachitike.

Tiyambe ndi chifukwa chake anthu anaganiza zovutitsa mbuzi. Mankhwala ambiri omwe mumawadziwa, monga paracetamol, ndi tinthu tating'ono tomwe amangosakaniza makemiko mu fakitale basi tatheka. Koma pali matenda ena omwe munthu amadwala chifukwa thupi lake silipanga puloteni inayake, kapena limapanga yochepa kapena yolakwika, nthawi zambiri ndi zakumtundu. Ameneyo mankhwala ake ndi puloteni yomweyo, ndipo puloteni ndi chinthu chachikulu chopindikapindika chomwe chimapangidwa ndi selo lamoyo lokha. Kale ankaitenga mmagazi omwe anthu apereka, koma magazi ndi ochepa komanso amanyamula matenda, mzaka za mma 1980 anthu ambiri a haemophilia, matenda aja magazi saundana munthu akavulala, anatenga HIV ndi hepatitis C kudzera mmankhwala opangidwa kuchokera mmagazi a anthu masauzande osakanizidwa pamodzi. Nde dziko linali pakalikiliki kusaka njira ina.

Njira ina inalipo kale, mabakiteriya. Insulin ya munthu yopangidwa ndi E. coli inavomerezedwa mu 1982 ndipo mpaka lero insulin imapangidwa ndi mabakiteriya kapena yisiti. Vuto ndi lakuti insulin ndi kapuloteni kakang'ono kosavuta. Mapuloteni ambiri a mmagazi akamapangidwa mthupi, selo limawamata tinthambi ta shuga mmalo osiyanasiyana, ndipo popanda timashuga timeneti ena sapindika bwino, ena sagwira ntchito, ena chiwindi chimawachotsa mmagazi nthawi yomweyo. Bakiteriya ntchito yomata shugayi saitha. Pamafunika selo la nyama yoyamwitsa. Nde makampani anayamba kuweta maselo a kanyama kotchedwa Chinese hamster mmathanki achitsulo, amawatcha maselo a CHO, koma nthawi imeneyo ankatulutsa tochepa zedi, timamiligalamu pa lita, pamene fakitale yake kumanga kwake ndi ndalama zosasimbika komanso zaka zingapo.

Apa mpamene ena anayang'ana bere. Bere ntchito yake ndi yomweyo, kupanga mapuloteni ambiri nkuwatulutsa kunja tsiku ndi tsiku, lita imodzi ya mkaka wa mbuzi kapena ng'ombe imakhala ndi mapuloteni oposa magalamu 30, ndipo kuti uwatenge sumapha nyama kapena kuiboola mtsempha, umangokama. Chinanso chabwino nchakuti maselo a mkati mwa bere logwira ntchito amagwirana zolimba moti zomwe zathiridwa mu mkaka zambiri sizibwerera mmagazi a nyamayo.

Kachitidwe kake ndi aka. Jini ndi kachidutswa ka DNA komwe kali ndi malangizo a kapangidwe ka puloteni imodzi, ndipo kutsogolo kwa jini iliyonse kumakhala kachidutswa kena kolamula kuti jiniyo igwire ntchito pati komanso liti, ngati swichi ya magetsi yomwe imayatsa chipinda chimodzi chokha mnyumba. Jini ya casein, puloteni yomwe imayeretsa mkaka ija, ili mselo lililonse la mbuzi, la mdiso, la mchiwindi, koma swichi yake imayaka mu bere mokha, pomwe mbuzi ikuyamwitsa. Nde asayansi amadula swichi ya casein nkuilumikiza ku jini ya puloteni ya munthu yomwe akufuna, kenako chinthu cholumikizacho amachilowetsa mu dzira lomwe langokumana kumene ndi umuna. Amachita pansi pa maikulosikopu, kapaipi kagalasi kamodzi kagwira dzira pomaliyamwa pang'ono, kasingano kagalasi kena kowonda kuposa tsitsi kaboola nkuthira timadzi ta DNA mpaka kachigawo ka mkati katupa pang'ono, apo wodziwa ntchito amadziwa kuti zalowa. Mazira ambiri amafa pompo. Otsalawo amawaika mchiberekero cha mbuzi ina kuti iwabereke, ndipo pa ana obadwa ndi ochepa okha omwe jiniyo yakhazikika, komanso imakhazikika paliponse pomwe yagwera, nde ina imatulutsa zambiri, ina pang'ono, ina ziii. Ukapeza imodzi yabwino ndi chuma, chifukwa ana ake pafupifupi theka amatengera jiniyo mwa kuberekana wamba, tonde mmodzi akhoza kudzadzitsa khola.

Zinayamba ndi mbewa mu 1987, kenako mu 1990 ku Roslin, kufupi ndi Edinburgh ku Scotland, kunabadwa nkhosa yotchedwa Tracy yomwe mkaka wake unali ndi alpha-1 antitrypsin ya munthu yoposa magalamu 30 pa lita, puloteni yoteteza mapapo kuti asadyeke. Chaka chomwecho ku Netherlands kunabadwa nkhunzi ya ng'ombe Herman yokhala ndi jini ya lactoferrin ya munthu, puloteni ya mu mkaka wa mmawere, iyo siikanakamidwa inde, ankadalira ana ake aakazi. Ndipo mwina simudziwa kuti Dolly, nkhosa yotchuka ija yomwe inabadwa mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa yaikulu, inabadwira mu ntchito yomweyi. Ian Wilmut, Keith Campbell ndi kampani ya PPL Therapeutics samafuna kukopa anthu monga ankalembera manyuzi, ankafuna njira yosadalira mwayi, yoti uyambe wasintha maselo mu labotale, usankhe lomwe jini yalowa bwino, kenako upange nyama yathunthu kuchokera ku selo limenelo, yaikazinso monga ukufunira. Mu 1997 anabadwa Polly ndi Molly, nkhosa zopangidwa mwanjira imeneyo zokhala ndi jini ya factor IX, yomwe imasowa mwa anthu a haemophilia B.

Koma mankhwala a Tracy sanafike pa msika. Kampani ya Bayer yomwe inkathandizana ndi PPL inasiya mu 2003, PPL inagwa, nkhosa zambirimbiri zinaphedwa. Tracy lero ndi chikumba chofutika cha ku Science Museum ya ku London.

Oyamba kupambana anali a mbuzi. Kampani ya GTC Biotherapeutics ya ku Massachusetts inali ndi famu ku Charlton komwe inkaweta mbuzi zotulutsa antithrombin, puloteni yomwe imaletsa magazi kuundana mmitsempha mosayenera. Anthu obadwa ndi yochepa amakhala pa chiopsezo chachikulu makamaka pa opaleshoni ndi pobereka. Mankhwalawo dzina lake ATryn, ku Ulaya anayamba awakana kumayambiriro kwa 2006 kenako nkuwavomera chaka chomwecho, ku America bungwe lowona za mankhwala la FDA linawavomera mu February 2009. Mmadzi a mmagazi a munthu antithrombin imakhala pafupifupi galamu 0.15 pa lita, mu mkaka wa mbuzizi imaposa galamu imodzi, ndipo mbuzi umaikama mawa ndi mkuja pomwe munthu sungamukhetse magazi daily. Kampaniyo inkanena kuti mbuzi imodzi pa chaka imapereka yofanana ndi magazi operekedwa maulendo 90,000, ndi mawu a ogulitsa amenewo koma akupatsani chithunzi.

Achiwiri ndi Ruconest a kampani ya Pharming ya ku Leiden ku Netherlands, ochokera mu mkaka wa akalulu, anavomerezedwa ku Ulaya mu 2010 ndi ku America mu 2014. Ndi a matenda akumtundu otchedwa hereditary angioedema, munthu amangotupa mwadzidzidzi milomo, nkhope, manja, matumbo, ndipo kukatupa kukhosi akhoza kubanika nkufa. Achitatu ndi Sevenfact a kampani ya LFB ya ku France, factor VIIa, puloteni yothandiza magazi kuundana, ya mu mkaka wa akalulunso, FDA inawavomera mu 2020, a anthu a haemophilia omwe thupi lawo layamba kulimbana ndi mankhwala awo anthawi zonse. Palinso Kanuma wa 2015 koma ameneyo amachokera mmazira a nkhuku, osati mkaka.

Mukhoza kuseka kuti kalulu angakamidwe chani, koma amakamidwa ndithu, ndi timakina tating'ono toyamwa tomwe amaika ku timabere. Pa chaka kalulu amapereka malita ochepa chabe pamene mbuzi ndi mahandiredi ndipo ng'ombe masauzande. Koma mkaka wa kalulu ndi wokhathamira ndi mapuloteni kuposa wa ng'ombe, bere lake ndi la mwezi umodzi, pakatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi wakula kale, ndipo amaswa ambiri. Mbuzi bere lake ndi miyezi isanu, ng'ombe isanu ndi inayi, nde kuchokera pobaya dzira mpaka kukhala ndi ng'ombe zokwanira zokama padutsa zaka zambiri, ndalama zikungotuluka. Kwa matenda a anthu ochepa omwe pa chaka pafunika makilogalamu ochepa, akalulu amakwana.

Tsopano zakumwa zija. Ayi. Puloteni ikalowa mmimba imagayidwa ngati chakudya china chilichonse, asidi ndi timadzi togaya timaiduladula, nchifukwa chake odwala shuga amabaya insulin mmalo momeza. Mankhwala onse atatuwa amalowa pa mtsempha. Ndipo kuthira mkaka mu mtsempha wa munthu ndi kumupha, nde ntchito yaikulu, yodulanso kwambiri, ndi kuchotsa puloteni imodziyo pakati pa zonse za mu mkaka. Amayamba achotsa mafuta ndi makina ozungulira mwaliwiro, kenako casein yemwe amakhala mtimibulu tosaoneka ndi maso tomwe timatseka masefa, kenako madzi otsalawo amawadutsitsa mmapaipi odzaza ndi timikanda tomwe timagwira puloteni yofunikayo nkusiya zina zipite. Ya antithrombin amagwiritsa timikanda topakidwa heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, poti mwachibadwa antithrombin imakakamira heparin. Amabwereza ndi mitundu ina ya timikanda, kenako masefa a timabowo tating'onoting'ono totchinga mavairasi, ndi njira zina zowaphera monga kutenthetsa kapena makemiko. Pamapeto pake ndi kaufa koyera mkabotolo kagalasi komwe namwino amasungunula ndi madzi a jakisoni. Za mbuzi kapena kalulu zotsalamo zimakhala zochepa kwambiri koma sizifika pa ziro, nchifukwa chake munthu amene thupi lake limadana ndi akalulu saloledwa Ruconest, pa nthawi yoyesa mankhwalawa munthu wina wabwinobwino yemwe sananene kuti ali ndi vuto limeneli anadwala mwakayakaya atabayidwa. ATryn nayenso sankaperekedwa kwa odana ndi mkaka wa mbuzi.

Ziwetozo sizikhala ngati za kumudzi zongoyenda. Iliyonse ili ndi nambala ndi faelo yake, chakudya chimayezedwa, sizipatsidwa chilichonse chochokera ku nyama ina, alendo salowa mwachisawawa, ndipo mbuzi za GTC makolo ake anachokera ku New Zealand dala chifukwa kumeneko kulibe scrapie, matenda a ubongo a nkhosa ndi mbuzi a mtundu umodzi ndi aja a misala ya ng'ombe. Mbuzi ikadwala bere mkaka wake umatayidwa. Nyama yake kapena mkaka wake siziloledwa kulowa mu zakudya za anthu.

Za theka munthu, mtima ukhale mmalo. Mbuzi ili ndi majini oposa 20,000, yawonjezeredwa imodzi, ndipo antithrombin yakeyake ili nayo kale mmagazi yofanana kwambiri ndi yathu. Jini yoikidwayo sikuti amakadula munthu, ndi kope lochulukitsidwa mu labotale. Imalira ngati mbuzi, imadya ngati mbuzi, nzeru zake ndi za mbuzi. Ngati chikuvutani ndi kulandira mankhwala ochokera ku nyama, izo zinayamba kale, heparin amachokera mmatumbo a nkhumba, mankhwala a njoka amachokera mmagazi a akavalo, ndipo 1982 isanafike insulin yonse inali ya nkhumba ndi ng'ombe. Amene chipembedzo kapena chikumbumtima chake chikumuletsa ali ndi ufulu wofunsa dokotala komwe mankhwala achokera, zimalembedwa pa pepala la mkati.

Funso lomwe ine ndimaliona lolemera ndi la nyamazo. Mbuzi yokamidwa kale imakhala bwino mwinanso kuposa za pa famu wamba, poti ndi ya ndalama zambiri. Zowawa zili koyambirira, kubaya mahomoni kuti mazira achuluke, opaleshoni yowachotsa ndi yowaika, mimba zambiri zopita padera, ana obadwa akulu mopitirira kapena ofooka makamaka mnjira ya Dolly ija, iyeyo anatuluka mmodzi pa mazira 277. Kenako pali amuna ndi ena osatengera jini omwe alibe ntchito. Ndipo swichi ija nthawi zina imadontha. Atayesa kupanga erythropoietin, homoni yochulukitsa maselo ofiira a magazi, mu mkaka wa akalulu, ina inkapangidwanso mziwalo zina nkulowa mmagazi, akaluluwo magazi awo anachita phala ndipo anadwala. Nde si puloteni iliyonse yomwe ungaike mu bere, ya mphamvu kwambiri ikhoza kuvulaza mwini bereyo.

Timashuga tija natonso tinawatembenukira. Bere la mbuzi kapena kalulu limamata shuga inde, koma osati ndendende mmene chimachitira chiwindi cha munthu. Zotsatira zake mapuloteni a mu mkaka amachoka mmagazi msanga. Ruconest theka lake limakhala litatha pa maola awiri kapena atatu pamene mnzake wochokera mmagazi a anthu amapitirira tsiku, nde mulingo wake umakhala waukulu, mayuniti 50 pa kilogalamu ya thupi pamene winayo ndi 20. Pothetsa kutupa komwe kwayamba kale zimenezi sizivuta, koma pofuna kuteteza kwa nthawi yaitali ndi chilema. ATryn naye ankaperekedwa pa dilipi yosalekeza pa chifukwa chomwecho.

Nde bwanji sanatchipe? Choyamba, pamene a mbuzi ankadikira mbuzi zawo kuti zikule, zibereke, zikamidwe, komanso kuti aboma agwirizane malamulo a chinthu chachilendochi, a mathanki aja sanagone. Maselo a CHO omwe ankatulutsa timamiligalamu anafika potulutsa magalamu angapo pa lita, nde mwayi waukulu womwe bere linali nawo unafota. Thanki ulinso ndi mphamvu nayo, maselo ake amasungidwa oundana mufiriji, ukafuna umasungunula, patatha masabata ochepa wakolola, ndipo oyendera aboma anaizolowera. Nayo ili ndi ngozi zake, mu 2009 fakitale ya kampani ya Genzyme ku Allston, ku America, inatsekedwa kwa kanthawi vairasi italowa mmathanki ndipo odwala ena anasowa mankhwala kwa nthawi yaitali, komabe makampani akulu akasankha amasankha thanki. Chitsanzo chomwe chimandikhudza ndi cha matenda a Pompe, omwe amafooketsa mtima ndi minofu ya makanda mpaka kufa asanakwanitse chaka nthawi zambiri. Ku Rotterdam ku Netherlands makanda anayi anapatsidwa enzyme, puloteni yomwe imasowa mthupi mwawo, yochokera mu mkaka wa akalulu, zotsatira zinalembedwa mu 2000, mitima yawo inayamba kuchira, umboni woyamba kuti matendawa angathandizidwe. Koma mankhwala omwe anafika pa msika mu 2006, Myozyme, anali a mthanki ya CHO. Akalulu anatsegula njira, ntchito anapatsidwa ena.

Chachiwiri, mtengo wa mankhwala oterewa sumachokera kwenikweni pa kupanga puloteni yosayeretsa. Kuyeretsa kuja kumadula chimodzimodzi kaya yachokera mu bere kaya mthanki, mwinanso mkaka umavuta kuposa. Kuyesa pa anthu kumatenga zaka ndi ndalama zambiri. Ndipo matenda onse atatu aja ndi a anthu ochepa, angioedema ija ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 50,000, nde kampani imagawa ndalama zonse zomwe inawononga, kuphatikizapo phindu, pa odwala ochepawo, ndipo imaika mtengo womwe ma inshuwalansi a maiko olemera angalipire, osati womwe udzu wa mbuzi wadya. ATryn ku Ulaya anachotsedwa pa msika ndi eni ake omwe pa zifukwa za malonda, osati chifukwa anavulaza anthu. Ndipo mpikisano ukukulirakulira, a angioedema tsopano ali ndi piritsi loteteza, berotralstat, kuyambira 2020, a haemophilia A ali ndi emicizumab wobaya pakhungu kuyambira 2017.

Mukawerenga mitu ya nkhani ngati ija ya 2024 ya ng'ombe ya ku Brazil yotulutsa insulin mu mkaka, ntchito ya asayansi a ku University of Illinois ndi São Paulo, muziwerenga mpaka pansi. Inali ng'ombe imodzi, sinatenge bere, mkaka anachita kuukakamiza ndi mahomoni ndipo unali wochepa. Ndi sayansi yabwino, koma insulin yisiti amaipanga kale motchipa, kudula kwake kuli pa kagulitsidwe osati pa kapangidwe, nde ine sindikuona ng'ombe ikuthetsa vuto limenelo. Bere limapambana pa mapuloteni ovuta omwe thanki imalephera kapena imatulutsa pang'ono, ngati C1 inhibitor, puloteni yomwe ili mu Ruconest, yomwe ndi yomatidwa shuga kwambiri.

Pali malo amodzi okha pomwe kumwa mkakawo kungakhale ndi nzeru, pomwe puloteniyo ntchito yake ili mmatumbo momwemo. Mkaka wa mmawere a mayi uli ndi lysozyme wambiri zedi kuposa wa mbuzi kapena ng'ombe, ndi puloteni yomwe imaphwanya khungu la mabakiteriya ena. Ku University of California, Davis, James Murray ndi Elizabeth Maga anapanga mbuzi zotulutsa lysozyme wa munthu kumapeto kwa zaka za mma 1990, ndipo ana a nkhumba otsegula mmimba chifukwa cha E. coli omwe anamwetsedwa mkakawo anachira msanga kuposa omwe anamwa mkaka wa mbuzi wamba. Apa palibe kuyeretsa kodula kuja, mbuzi zimangoswana zokha, ndipo kutsegula mmimba kumapha ana aang'ono mahandiredi a masauzande chaka chilichonse. Koma poti uwu ndi mkaka wakumwa wochokera ku nyama yosinthidwa majini, malamulo ake ndi mantha a anthu ndi zina, ndipo mbuzizo zaswana mibadwo ingapo mkakawo usanaloledwe kugulitsidwa kuti ana amwe.